Tsiku Limene Eni Nyumba Anafuna Kuletsa Maliro

Ndayenda m'malo ambiri, ndipo maina a malowo anandithawa kalekale. Zimene zinatsala m'mutu mwanga ndi zipinda. Chipinda chilichonse chinali ndi mabenchi, tebulo loyalidwa chitenje kutsogolo, ndi zenera limodzi lokana kutsekeka. M'zipinda zimenezo ndinaphunzira ntchito imodzi yokha: kuyendetsa msonkhano. Ena amaseka ndikati imeneyi ndi ntchito. Koma linadza tsiku limene patebulo panga panali funso lakuti mtembo wa a Kandulu, mnansi wanga, ulowa m'nyumba mwawo kapena ubwezedwa pachipata, ndipo tsiku limenelo panalibe woseka. Ndifikako. Ndiyambe ndi njira imene ndinadzera.

Malo oyamba anali tauni ya fumbi lofiira, kumene basi inanditula chifukwa inatha mafuta. Ndinayamba kugulitsa mchere mumsika. Amalonda a kumeneko anali ndi komiti, ndipo wapampando wake anali a Mtambalika, bambo wamtali wa mawu apansipansi. Ankati anakhalapo tsiku lathunthu pamalo a alendo ku Nyumba ya Malamulo, akungoonerera, ndipo anabwerako atasinthika. Pamsonkhano wawo munthu sankayankhula asanalozedwe. Ukalozedwa unkaimirira, n'kuyankhula kwa wapampando, osati kwa amene wakukwiyitsa. Ndinaona amayi awiri ogulitsa nsomba zouma, amene m'mawa anatsala pang'ono kung'ambirana mipango, akunyozana mwaulemu kudzera mwa a Mtambalika.

"A wapampando, auzeni mayi awo kuti ntchentche zawo zikuwolokera kwanga."

"A wapampando, afunseni ngati ntchentchezo anaziona ndikuzilemba dzina."

Anthu anaseka, ndipo nkhani inatha mipango yonse ili pamutu. Ine ndinali ndisanaonepo phokoso likuikidwa pamzere chotero.

A Mtambalika ankandiphunzitsa tikuyenda, pobwerera kunyumba. Munthu akafuna kuti gulu lichite kanthu, amapereka mfundo. Mfundoyo siikambidwa mpaka munthu wachiwiri ataiikira kumbuyo. Ikasowa wachiwiri, yafera pomwepo. Ikakambidwa, anthu amavota. "Koma wapampando," anatero tsiku lina, ataima kuti apume, "alibe mfundo yake, ndipo saikira kumbuyo ya wina. Iwe mphwanga, ukadzakhala pamenepo udzamva lilime likuyabwa. Udzalilume."

Atadwala miyendo anandikhazika pampando wawo. Pamsonkhano woyamba womwewo Lameki, mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi, anapereka mfundo yakuti ogulitsa tomato asamukire pafupi ndi msewu. Iye ankagulitsa tomato. Panalibe woiikira kumbuyo. Lameki anandiyang'ana.

"Aise, tasekonda."

"Wapampando saikira kumbuyo mfundo."

"Ndikuyankhula ndi iweyo, amene umadya ndiwo zanga."

"A Lameki, mfundo yanu yasowa wachiwiri. Khalani pansi."

Pofika kunyumba ndinapeza mphasa yanga itaimikidwa panja. M'mawa mwake ndinakwera basi yopanda chikwangwani.

Inakandisiya kudambo lalikulu la mpunga, kumene madzi ankagawidwa m'ngalande, ndipo komiti ndiyo inkanena munda woyamba kumwa. Chipinda chinali chomwe chija, zenera lake lomwe lija. Kumeneko ndinakonda mkazi, Esinati, amene ankaseka ndi maso pakamwa pali potseka, ndipo mawu anali atafika kale kwa malume ake. Bambo ake anali mlimi wamkulu, wozolowera kuti akatsokomola anthu amasiya kuyankhula. Pamsonkhano wa madzi anayankhula, anakhala pansi, kenaka anadzukanso, pamene mayi wina wa munda wa kumapeto anali atakweza dzanja mpaka phewa kulema.

"Bambo, mwayankhula kale pa mfundoyi. Tiyambe tamva amene sanayankhule."

"Ukuuza ine?"

"Ndikuuza membala."

"Membala ameneyu ndi amene ukufuna mwana wake."

Mayi uja anayankhula, ndipo chaka chimenecho madzi anayambira kumapeto. Esinati anandiperekeza mpaka pamlatho. Sanalire. Anati, "Ukanangowasiya, akanatopa okha." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ndiye ndiwe wopusa," n'kundikonzera kolala ya malaya, n'kubwerera.

Zitatero zaka zinayamba kufanana. Ndinayendetsa misonkhano ya kwaya, ya timu ya mpira, ya oyendetsa njinga za kabaza, ya makolo pasukulu ina ya pamwamba pa phiri, kumene nkhungu inkalowa pazenera n'kukhala pabenchi ngati membala. Nkhope zinkabwerera. Kulikonse kunali Lameki wake, kulikonse kunali bambo wodzuka kawiri, ndipo nthawi zina ndinkawaitana ndi dzina la kumalo ena iwo n'kuyankha. Pamalo pena, ndili mlendo chabe, ndinaona wapampando, atazindikira kuti mbali imene ankaikonda igonja, akumenya tebulo n'kunena kuti msonkhano watha. Anatuluka. Otsalawo anangonyamula tebulo, kuliika pansi pa mtengo, kusankha wina, n'kuvota. Ndinaphunzira kuti msonkhano ndi wa anthu, ndipo outseka ndi iwo. Ndinkachoka paliponse ndi katundu wochepa kuposa amene ndinafika naye, koma m'mbuyo mwanga ndinkasiya anthu odziwa kukweza dzanja ndi kudikira. Sindichita manyazi kunena kuti zimenezi zinkandikomera.

Imvi zitayamba, mlongo wanga anasamukira kutali, n'kundisiyira kanyumba kake m'dera lina la m'mphepete mwa mzinda. Nyumba za kumeneko zinali zofanana kwambiri, moti masiku oyamba ndinkalowetsa kiyi pazitseko za eni. Dera lonse linazunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo linali ndi chipata chimodzi ndi mlonda mmodzi. Eni nyumba anali ndi bungwe lawo. Ankakumana masana a Loweruka m'chipinda cha sukulu ya mkaka, anthu akuluakulu atapinda maondo pa timabenchi ta ana, pansi pa zithunzi za nyama zomatidwa kukhoma. Ndisanafike, misonkhano yawo inkathera m'kulozana zala. Anandisankha kukhala wapampando chifukwa ndinalibe galimoto, ndinalibe galu, ndipo ndinali ndisanayambane ndi munthu.

Ndinawaphunzitsa zonse zimene ndinatola m'njira, iwo n'kuzivomereza kuti zikhale malamulo a bungwe. Anazikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Tinakamba za zinyalala, za agalu, za mtundu wa penti wa pamakoma, ndipo anthu ankatuluka akupatsana moni. Amene anagwira msanga phunziro anali a Dzimbiri, bambo wonenepa wokonda mpira wa pawailesi. Atamva kuti membala aliyense angapereke mfundo yotseka msonkhano, ankakweza dzanja Loweruka lililonse mpira ukayandikira. Sankapeza woikira kumbuyo. "A Dzimbiri, timu yanu igonja ngakhale mumvere," anthu ankatero, iwo n'kukhala pansi akuseka nawo.

Mfundo yaikulu inabwera ndi a Chimwaza, amene nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu. Ankafuna lamulo lakuti maliro asamachitikirenso m'dera lathu: munthu akamwalira, mtembo uzichoka ku nyumba yachisoni kupita ku holo ya mumzinda kapena kumudzi, osalowanso pachipata. Sanali munthu wouma mtima. Pa maliro a chaka chapitacho tenti inatseka msewu wonse, mwana wawo wamkazi, Tadala, anabanika ndi mphumu, ndipo galimoto inasowa podzera. Anamubereka kumsana, kudutsa pakati pa anthu oimba, mpaka kuchipata. Mwanayo anachira, koma bambo ake sanaiwale. Ndipo anali ndi owatsatira ambiri: wina anaberedwa nsapato pa maliro omwewo, wina maluwa ake anapondedwa, wina mpanda wake wa nsungwi unasanduka nkhuni.

Koma aliyense ankadziwa kuti a Kandulu, amene nyumba yawo inagundana ndi yanga, anali chigonere, osadyanso. Anali mphunzitsi wopuma, ndipo nyumbayo inali chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho m'ntchito ya moyo wawo wonse. Kumudzi kwawo kunalibenso wowadikira. M'mawa wa tsiku la msonkhano akazi awo, Mayi Nangozo, anandipeza ndikusesa pakhomo.

"A wapampando, ichotseni nkhani ija."

"Sindingathe, mayi. Inaperekedwa mwadongosolo."

"Dzulo andiuza kuti ndidzawagoneke pabalaza, mutu kuloza kuzenera. Mukufuna ndikawayankhe chiyani?"

"Bwerani mudzayankhule. Ndionetsetsa kuti mwamvedwa."

"Kumvedwa sikulowetsa bokosi m'nyumba, bambo."

Ndinapitiriza kusesa pamalo posesa kale.

Masanawo chipinda chinadzaza. Anthu a lendi, amene analibe voti, anaunjikana pazenera. A Chimwaza anapereka mfundo yawo, n'kuwonjezera kuti ikavomerezedwa iyambe kugwira ntchito tsiku lomwelo, mlonda auzidwe. Anaiikira kumbuyo a Sikelo, mwini mpanda wa nsungwi uja. Ndinkaloza mbali iyi, kenaka mbali iyo.

"A wapampando," anatero a Sikelo, "kuno si kumudzi. Tinagula kuno pofuna bata."

"A wapampando," anayankha mayi wina, "auzeni kuti bata lenileni adzalipeza, asafulumire."

"A wapampando, mayi awo akundilosera!"

"Palibe wolosera mnzake," ndinatero. "Bwererani pa mfundo."

Mayi Nangozo anali atasiya odwala m'manja mwa mwana wawo kuti abwere. Nditawaloza, anayankhula mawu ochepa. Anati amuna awo aphunzitsa ana a anthu ambiri amene anali m'chipindamo, ndipo sakupempha china koma kugona kamodzi kotsiriza pansi pa malata awo. A Chimwaza anayang'ana pansi, koma sanabweze mfundo. Poona nkhope, ndinazindikira kuti mbali ziwirizo zinali pafupifupi zofanana.

Kenaka kulira kunamveka. Kunayamba ndi mawu amodzi, a mwana wamkazi wa a Kandulu, n'kufalikira nyumba ndi nyumba. Mayi Nangozo anaimirira. Sanathamange. Atafika pakhomo anacheuka, anayang'ana tebulo langa, osati ine koma tebulo, n'kutuluka. Anzawo a kumpingo anawatsatira, amuna ena nawonso. Onse otulukawo anali okana mfundoyo.

"A wapampando," anatero a Chimwaza, "takambirana mokwanira. Tivote."

"Mulibe manyazi inu?" anakuwa mayi wina wa lendi pazenera. Zeneralo linali kumbuyo kwanga, ndipo anawerama n'kundinong'oneza m'khutu: "Tsekani msonkhano, bambo. Kapena nenani kuti anthu achepa."

Malamulo athu ankati sitingavote anthu akachepa kwambiri. Ndinawerenga mitu, ndikulakalaka kuti iperewere. Inakwana. Ndinalengeza kuti yakwana, ndipo ndinamva pazenera akutsonya. Ndikanamenya tebulo n'kutuluka, a Chimwaza akanakhala pampando wanga ndisanafike pamsewu, akanavota, mlonda akanauzidwa. Ndipo kuyambira tsikulo msonkhano ukanakhalanso wa amene ali ndi mawu okweza.

Lilime linandiyabwa kwambiri. Ndinafunsa funso limene ndimafunsa nthawi zonse tisanavote: "Alipo wina amene ali ndi mawu?" Ndinafunsa modekha, ndikuyang'ana benchi lililonse monga mwa chizolowezi changa, osafulumira ndiponso osachedwetsa. Kunja kulira kunali kukwera.

A Dzimbiri anakweza dzanja. Kawailesi kawo kanali pamiyendo, kozima.

"A wapampando, ndikupereka mfundo yakuti titseke msonkhano."

"Tili pakati pa mfundo yanga!" anatero a Chimwaza.

"Mfundo yotseka msonkhano imadumpha zonse zimene zili patebulo, ndipo siikambidwa," ndinatero. "Lamuloli munalivomereza nokha. Koma ikufunika woiikira kumbuyo. Alipo?"

Otsala m'chipindamo anali anthu a a Chimwaza, ndipo aliyense anapeza kanthu koyang'ana pansi. Pazenera manja anali m'mwamba, manja opanda voti. Dzanja langa ndinaliika pansi pa tebulo n'kuligwira ndi linzake. A Dzimbiri anali chiimire, thukuta likutsika m'khosi, munthu amene anazolowera kukhala pansi akuseka.

"Alipo woikira kumbuyo?" ndinafunsanso. "Ngati palibe, mfundo ya a Dzimbiri yafa, ndipo tivota."

Panamveka zipi ya chikwama. Mayi Chimwaza, amene nyumba yawo inali m'maina a onse awiri, choncho anali membala, anatulutsa chitenje, anaimirira, n'kuyamba kuchimanga pamwamba pa diresi yawo.

"Ndasekonda."

"Mayi a Tadala!"

"Bambo a Tadala, ndikuyankhula ndi wapampando. Mfundo yanu ndi yabwino, ndipo ndidzaivotera. Koma osati lero, munthu asanazizire."

A Sikelo anadzuka msanga kupempha kuti tivote mwachinsinsi, pa timapepala. Ndinawakumbutsa kuti malamulo athu amati timavota pokweza manja, ndipo lamulo silisinthidwa pakati pa voti.

"Ofuna kuti titseke?"

A Dzimbiri, Mayi Chimwaza, ndi ena awiri kapena atatu amene anakweza mwamanyazi. Anali ochepa. Okana akanakweza onse, akanapambana kutali.

"Okana kuti titseke?"

Kwathu kuno munthu angadane ndi tenti, ndi nyimbo, ndi utsi wa nkhuni, ndipo angavotere lamulo loletsa zonsezo. Koma kukweza dzanja masana, anansi akuona pazenera, kunena kuti tikhalebe pansi pamene kuseri kwa khoma akulira, ndi nkhani ina. Dzanja lotere anthu amalikumbukira, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti tsiku lina adzafuna omunyamula. Dzanja la a Sikelo linanyamuka, n'kukathera pokanda khutu. Ena anapinda manja pachifuwa. A Chimwaza okha anakweza lawo, loongoka mpaka pamwamba, ndipo sanalitsitse mpaka nditaliwerenga. Ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha dzanja limenelo.

"Ofuna achuluka," ndinalengeza. "Msonkhano watsekedwa. Mfundo ya a Chimwaza sinavoteredwe, idikira msonkhano wotsatira. Kufikira tsikulo, zinthu zili monga zinalili."

Masana a tsiku lotsatira ndinakaima pachipata. Masamba anali atayalidwa kale mopingasa msewu. Galimoto yochokera ku nyumba yachisoni inafika pang'onopang'ono, amayi akuimba kumbuyo kwake, ndipo mlonda anabwera kwa ine akupotokola chipewa.

"Bwana wapampando, ena akuti pali lamulo latsopano."

"Palibe. Tsegulani mbali zonse ziwiri."

Ndinayenda m'mbuyo mwa galimotoyo. Pakhomo pa a Kandulu ndinapeza a Chimwaza atavula jekete, akukangana ndi amuna omanga tenti kuti aisunthire kumbali, pakhale podutsa galimoto. Atandiona anabwera pafupi, osandipatsa dzanja.

"Munandichenjerera, a wapampando."

"Ndinaphwanya lamulo liti?"

"Palibe. N'chifukwa chake zikundiwawa. Mfundo yanga ikhale yoyamba."

"Ikhala yoyamba."

"Ndipo idutsa."

"Mwina idutsa. Ndidzawerenga manja monga ndinawerengera dzulo."

Tinasiya kuyankhula, chifukwa bokosi linali kutsika. Analinyamula kudutsa pakati pathu, anakwera nalo khonde, analipendeketsa pang'ono pachitseko, ndipo a Kandulu analowa m'nyumba mwawo.

Patapita kanthawi mayi wina anatuluka kudzandiitana. Ndinavula nsapato, n'kunjuta pakhomo la pabalaza. Bokosi linali pakati, mutu kuloza kuzenera. Mayi Nangozo anali pamphasa pambali pake, maso otupa, mawu atasasa.

"Simunandithandize," anatero.

"Ayi, mayi."

"Koma alowa." Anasisita m'mphepete mwa bokosilo. "Mawa mwambo muyendetse ndinu. Kwatulukira msuweni wawo wina amene sitinamuone zaka zonsezi, ndipo akuti ali ndi mawu ambiri. Akayamba samaliza. Mudzatha kumukhazika pansi?"

"Ndidzatha, mayi."

"Mwaulemu."

"Mwaulemu, mayi. Imeneyo ndiyo ntchito yanga."